Vesiti ya Mtovu

Leipzig, Jeremani ya Kum'mawa
12 Febuluwale 1978

Okondedwa Atate ndi Amayi,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti nonse ku Feira muli bwino, pamodzi ndi mlongo wanga Luciana. Ine kuno ndili moyo, ngakhale kuzizira kwake sindidziwa ndikusimbireni bwanji. Mukamadandaula ndi mphepo ya mu Juni pa Zambezi, dziwani kuti imeneyo ndi nthabwala chabe. Dzulo ndinayanika shati panja, madzulo ndinaipeza itauma gwa, ikuima yokha ngati chitseko.

Maphunziro anga a ukochi, ophunzitsa anthu masewera, akuyenda bwino. Mwezi watha koleji inatitengera kumapiri kukaphunzira masewera otchedwa sikii. Munthu amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, amagwira ndodo ziwiri, n'kumatsetsereka pa chipale choyera ngati ufa. Ndinagwa kosawerengeka, koma aphunzitsi anati kwa munthu wochokera kotentha ndachita bwino. Kumeneko ndi kumene ndinaona chinsinsi cha anthu a kuno. Akatswiri a sikii, chipale chikasungunuka, sakhala pansi kudikira chaka chamawa. Amathamanga m'nkhalango atavala vesiti yolemera, ya nsalu yolimba ngati ya tenti, yokhala ndi matumba kutsogolo ndi kumbuyo. M'matumbamo muli timapale ta mtovu, uja inu asodzi mumati chumbu. Thupi likazolowera katundu ameneyo, pa tsiku la mpikisano munthu amavula, ndipo miyendo imangopita yokha.

Vesiti yotereyi ndaigula ndipo ndaitumiza pa positi. Ndikudziwa kuti munapempha wayilesi, Atate, koma wayilesi imangolankhula, pamene chinthu ichi chidzakweza dzina la banja lathu. Ndi ya Luciana. Mtsikana amene anasiya anyamata onse kumbuyo pa mpikisano wa tsiku la ufulu sayenera kuthera mphamvu zake pa kusenza mitanga ya nsomba. Mu Ogasiti ku Lusaka kudzakhala kusankha othamanga oimira dziko. Azivala m'mawa uliwonse, azithamanga kuchokera pa doko, kudutsa pa mlambe, mpaka ku boma ndi kubwerera. Asamavule ngakhale atatopa. Masoja a kuno nawonso amavala yotereyi. Ndikukuuzani, wovala chimenechi palibe chomugwira.

Za nkhondo musade nkhawa kwambiri. Manyuzipepala a kuno akuti azungu a ku Rodeshiya atopa, ndipo chaka chisanathe zonse zikhala zitatha. Ndilembereni nkhani za kwathu. Amayi, mwendo uja uli bwanji?

Ndine mwana wanu,
Eston


Feira
23 Epulo 1978

Kwa mwana wanga Eston,

Moni. Wolankhula ndine atate ako Gidiyoni, wogwira cholembera ndi Luciana, chifukwa maso anga manje saona tilembo. Kalata yako tinalandira, katundu nayenso. Tamva kuti kumeneko kukuzizira maningi. Pepa. Ife kuno sitikuzizidwa, chifukwa mu Malichi azungu ako otopa aja anabwera ndi ndeke n'kutentha mudzi wa kumtunda kwa mtsinje. Utsi tinauona tili pa doko. Tinathawira m'thengo, amayi ako ndi mwendo wawo uja umene ukufunsa. Ena mwa amene unkasewera nawo mpira tinawaika m'manda.

Manje azunguwo ali tsidya lija la Zambezi ndi mfuti zawo. Akaona bwato lapitirira pakati pa madzi, amaombera. Koma nsomba siidziwa malire, ndipo mimba siidziwa nkhondo, choncho timapitabe.

Katundu wako anafika ndi lole ya boma. A pa positi anatumiza mawu kuti ndibwere ndi wilibala. Mumtima ndinati, Eston watumiza wayilesi yaikulu pamodzi ndi mabatire a chaka chonse. Anthu anatitsatira mpaka pakhomo. Titatsegula, tinapezamo vesiti yokha. Amayi ako anafunsa kuti, “Kodi bulu wake akubwera pambuyo?”

Luciana anachita monga unalamula. Sabata isanathe, masoja athu a pa rodibuloko anamuimika. Taganiza wekha. Mtsikana akuthamanga mamawa popanda chomupirikitsa, pachifuwa matumba otupa, kumsana zilembo zimene palibe angaziwerenge. Anamukhazika pansi mfuti zitamuloza, mpaka ine ndinaitanidwa. Ndinapita ndi kalata yako. Kopolo wawo, mkulu wa masojawo, munthu wa ku migodi ya ku Kopala, anaiwerenga yonse. Anagogoda timapale tija ndi chala, n'kuuza anzake kuti, “Izi ndi zija amavala azungu kuti chipolopolo chisalowe.” Atatero anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Mudala, mwana wanu amakukondani.”

Ndinachita manyazi kuti ndinakudandaula chifukwa cha wayilesi. Ndinazindikira kuti sukanalemba poyera, poti makalata amatsegulidwa panjira, n'chifukwa chake unaphiphiritsa ndi nkhani ya kuthamanga. Koma mawu ako ndinawamva. Masoja amavala, ndipo wovala palibe chomugwira.

Tsono vesiti ndatenga ine. Luciana pa mseu saomberedwa, woomberedwa ndine pa madzi. Zikomo mwana wanga, unaganiza ngati munthu wamkulu. Ukapeza mpata tumiza bulangete la amayi ako, lathu linatsala m'thengo muja.

Atate ako,
Gidiyoni

Atate andiletsa kuwonjezera kanthu pansi pano. Ndilemba yanga. Luciana.


Feira
30 Epulo 1978

Alongo anga a Eston,

Moni wambiri. Ine ndili bwino, kupatula mapewa amene ananyuka ndi malamba a vesiti yanu. Kalata iyi ndikulemba mobisa, ndipo ndipatsa dalaivala wa lole ya nsomba kuti akaiponye ku Lusaka, mwina ifika msanga.

Masiku ochepa amene ndinaivala ndinaona kuti munanena zoona. Ndikavula, miyendo imapepuka. Koma manje sindiikhudzanso. Atate amavala podya, amavala posoka ukonde. Pa Sande anavala ku tchalitchi pamwamba pa jekete, ndipo atagwada analephera kudzuka mpaka akatekisiti anawagwira m'khwapa. Palibe anaseka. Titatuluka, azibambo anaima pamzere kuti aigogode. A Nason, aja ogulitsa mbuzi, anaibwereka popita ku maliro ku Mburuma. Anabwerako amoyo, ndipo onse akuti umenewo ndi umboni. Ndinati, “Koma Atate, palibe amene anawaombera a Nason.” Atate anati, “Waona? Ngakhale kuyesa sanayese.”

Zonsezi ndikanangoseka, koma amapita nayo pa madzi. Alongo anga, inu munakulira pa Zambezi. Mukudziwa chimene chumbu chimachita ku ukonde. Malamba a vesitiyi amamangidwa ndi tizitsulo m'mbali, ndipo atate ndi zala zawo zija amavutika kumasula ngakhale ali pamtunda, atakhala pa mpando. Mvuu ikagubuduza bwato adzamasula bwanji?

Mwina simunamve za Valentino. Ndi mwana wa a Josefina, aja anachokera ku Zumbo pa nkhondo ya Apwitikizi n'kumanga pafupi ndi msika. Ndiye amapalasa ndi atate chichokereni inu. Abale ake anabwera kudzafunsira mbeta pa Pasaka, ndipo ine sindinakane. Musakwiye, kuthamanga sindinasiye. Iye amanditsatira pa njinga, ndipo pa kamtunda ka ku boma ndimamusiya. Ndinamupempha kuti alankhule ndi atate. Anati, “Ine ndiuze apongozi kuti avule malaya? Ukufuna ukwati uthe usanayambe?” Komabe tsiku lina atate akusamba, tinatulutsa kapale kamodzi, Valentino anakakhoma ndi msomali. Msomali unalowa ngati mu sopo. Tinawaonetsa. Anati msomali si chipolopolo, ndiponso kuti ine ndaononga katundu wa boma la Jeremani chifukwa cha nsanje.

Ine sandimvera. Inu adzakumverani chifukwa muli ndi masatifiketi. Lembani mawu osazungulira, opanda nthabwala zanu zija. Muwauze kuti chinthuchi n'chothamangira, sichitchinga chipolopolo, ndipo asakwere nacho bwato. Lembani tsiku lomwelo mulandire kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Luciana


Leipzig
11 Juni 1978

Okondedwa Atate,

Moni kwa inu ndi Amayi. Kalata yanu ya mu Epulo yafika sabata yatha. Ndamva chisoni ndi nkhani ya ndeke, koma ndathokoza Mulungu kuti inu a pakhomo pathu muli moyo. Inenso ndakumana ndi zanga. Chipale chikatha, kuno timaphunzira sikii pa mseu wa tala, pa timatabwa tokhala ndi mawilo. Potsika phiri ndinalephera kukhota, ndinagwera mu ngalande n'kuthyoka mwendo. Ndikulemba ndili m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, wapachikidwa m'mwamba. Chakudya chake ndi kabichi wowawasa tsiku lililonse. Choncho tonse tili pa nkhondo, aliyense ndi yake.

Nkhani ya kopolo uja ndinaimasulira m'Chijeremani kwa anzanga a m'wodi, ndipo anaseka mpaka namwino anatikalipira. Atate, simunasinthe! Mumakamba nkhani yoseketsa nkhope ili gwa, monga munkachitira pa doko. Makamaka paja mukuti ndinaphiphiritsa, mkulu wina wothyoka nthiti anapempha kuti ndileke kuwerenga, akumva kupweteka. Inde, mukamuuze kopoloyo kuti katundu wa ku Jeremani sabooka wamba, ngakhale njovu ingathyokepo mnyanga. Ndasangalala kuti anthu a pa Feira aona kuti mwana wa a Gidiyoni sanapite kunja kukadya mbatata zokha. Valani ndithu, kulimbitsa msana n'kwabwino kwa munthu wa msinkhu wanu. Koma m'mawa muzimubwereka mwiniwake, pakuti Ogasiti wayandikira.

Luciana analemba pansi kuti atumiza yake, koma sindinaone kanthu. Muuzeni kuti ulesi wa cholembera ndi ulesi wa miyendo n'zapachibale. Ndikufuna kudziwa ngati mpweya ukumukwanira pokwera ku boma, ndiponso ngati akudya mazira monga achitira othamanga a kuno. Bulangete ndifunafuna ndikatuluka.

Mwana wanu,
Eston


Feira
30 Julaye 1978

Kwa Eston,

Moni mwana wanga. Ife tilipo. Kalata iyi akundilembera akatekisiti, chifukwa mlongo wako akamalemba amafewetsa mawu anga, ndipo akamawerenga amawonjezera ake. Kalata yako anandiwerengera misozi ili m'maso, n'kumanena kuti iwe unali kuseka chabe. Ndinaitengera kwa akatekisiti, anawerenga bwinobwino, ndipo mawu ake ndi awa: sabooka wamba, valani ndithu. Pa Sande anaiwerenganso panja pa tchalitchi chifukwa anthu anapempha. Kuti azungu odwala anaseka sizinandidabwitse. Munthu amene sanaomberedwepo amaseka zambiri.

Pepa ndi mwendo. Amayi ako akufunsa kuti kodi boma linakutumiza kukaphunzira kapena kukasewera ndi mawilo? Ine ndawauza kuti asalowerere za maphunziro.

Za ku Lusaka iwala. Mseu wopita ku buliji ya pa Luangwa, njira ya ku Lusaka, watcheredwa mabomba. Lole ya nsomba inaponda limodzi mu Meyi, dalaivala anapulumuka koma katundu yense anamwazika m'thengo. Manje magalimoto amayenda pamzere ndi masoja, ndipo nthawi zina sayenda n'komwe. Sindingaike mwana wamkazi pamenepo chifukwa cha liwiro. Wakwiya, salankhula nane, koma m'mawa amathamangabe yekha ngati wamisala. Mazira kulibe. Nkhuku zinadyedwa ndi alendo a m'thengo amene sitiwatchula m'kalata. Ukwati wake ndi Valentino, mwana wa a Josefina, tauika mu Disembala. Ndi mnyamata wabwino, wa manja olimba pa nkhafi, ngakhale wayamba kumvera mkazi asanamukwatire.

Nkhani yabwino ndi iyi. Nsomba zachuluka kuseri kwa chisumbu chija cha pakati pa mtsinje, popeza asodzi onse amaopa kufikako. Ine ndimafika. Mcheni umene tikukola kumeneko sunauonepo, wina kutalika ngati mwendo wako wothyokawo. Masoja athu amagula, a m'maofesi amagula. Amayi ako manje ali ndi mchere ndi sopo pamene anzawo akuchapa ndi phulusa. Anthu akamafunsa, ndimati afunse mwana wanga ku Jeremani. Ukadzabwera sudzayenda pansi pano, adzakunyamula.

Atate ako,
Gidiyoni


Leipzig
3 Seputembala 1978

Atate,

Ndikhululukireni, moni wautali ndilibe. Lero ndalandira makalata awiri pamodzi, yanu ya mu Julaye ndi ya Luciana ya mu Epulo. Ya Luciana yafika yakuda ndi dothi, yopsa mbali imodzi. Wina anaitola m'thengo n'kuiponya pa positi, Mulungu amudalitse.

Atate, ine ndinkayesa mukuseka. Manje ndikulemba monga Luciana anapempha. VESITI IJA SIITCHINGA CHIPOLOPOLO. Ndi nsalu ndi mtovu basi. Ntchito yake ndi kulemera, palibenso ina. Masoja a kuno amaivala pothamanga m'bwalo kuti alimbe, osati ku nkhondo. Sindinaphiphiritse kanthu. MUSAKWERE NAYO BWATO. Mukagwa nayo m'madzi idzakukokerani pansi. Tulutsani mtovuwo mumangire ku ukonde, nsaluyo mutenthe. Ku chisumbu musapitenso, ndikukupemphani.

Ndinapita ndi ndodo zanga ku positi kuti nditumize telegalamu, andiuza kuti waya wa ku Feira sukugwira ntchito. Akatekisiti, inu amene muwerenge kalatayi, muiwerenge mokweza pa tchalitchi monga munachitira ndi ija.

Luciana, pepa.

Eston


Feira
29 Okutobala 1978

Kwa mwana wanga Eston,

Moni. Akulemba ndi akatekisiti. Kalata yako ya zilembo zazikulu yafika dzana. Yatipeza titachoka kale pa maliro. Valentino kulibe.

Zinachitika kuchiyambi kwa mwezi uno, dzuwa litakwera pang'ono. Tinali kukoka ukonde kuseri kwa chisumbu, ine kumbuyo kwa bwato, iye kutsogolo. Tsidya lija mfuti inayamba kulira, ija yosapuma. Madzi anayamba kudumpha ngati kukugwa matalala. Bwato linabooka, linapendama, tonse tinagwera m'madzi. Ine vesiti inandigwira n'kunditsitsa pansi, pansi penipeni pa mchenga. Pamwamba zipolopolo zikung'amba madzi, ine ndili chete ngati mwala, palibe chinandikhudza. Zitachepa ndinadula malamba ndi mpeni wa nsomba, madzi ananditengera ku mabango a tsidya lathu. Valentino analibe chomutsitsa. Anayandama, anayamba kusambira, a mfuti aja anamuona. Anthu athu anamupeza pa mchenga kumunsi, pafupi ndi pamene Luangwa amathira mu Zambezi, akupumabe. Anamwalira dzuwa lisanalowe. Mnyamata uja ndinkamuyesa mwana wanga, ndipo mtima wanga ukuwawa.

Tsono iwe ukuti chinthucho sichiteteza. Akatekisiti andiwerengera, ndipo ndawaletsa kuwerenga pa tchalitchi, kuopa kuti anthu angakuseke. Mwana wanga, maphunziro ndi abwino, koma iwe unali m'chipatala ndi mawilo ako, ine ndinali m'madzi. Tinali awiri m'bwato limodzi, mfuti inali imodzi. Amene anavala ndi amene akulankhula nawe lero. Ndikuganiza kuti Ajeremani sanakuuze nzeru yake yonse poti ndiwe mlendo. Chinthu chija sichilimbana ndi chipolopolo, chimamubisa munthu.

Vesiti inatsala pansi pa mtsinje. Anyamata anafuna kuivuula, koma pamalopo pali ng'ona ndi mfuti. Tumiza zina. A Nason akufuna yawo, kopolo uja wafunsa, ndi asodzi ena amene ndidzakuuza maina awo ukavomera. Bulangete lisiye, amayi ako azolowera.

Atate ako,
Gidiyoni


Feira
19 Novembala 1978

Alongo anga a Eston,

Moni. Ndikhulupirira mwendo wanu wachira. Kalata yanu ndinaiwerenga, pamodzi ndi pepa wanu. Ndalandira. Sindinakukwiyireni, mphamvu zake ndilibe.

Atate anakulemberani zawo. Ine ndikuuzani zimene sanauze akatekisiti. Pamene anawapeza m'mabango anali kusanza madzi ndi magazi, osadziwa dzina lawo. Zikhadabo zawo zinang'ambika polimbana ndi tizitsulo tija asanakumbukire mpeni, ndipo podula malamba anadzicheka m'nthiti, anachita kuwasoka. Kuyambira tsiku limenelo sanakhudzeko bwato. Akuti akudikira vesiti ya ku Jeremani. Amayi akawapititsira madzi osamba, amasamba thupi lokha, kumutu sathirako. Koma anthu akabwera pakhomo amasimba nkhani ija, ndipo tsiku lililonse pansi pa mtsinje pamakoma kuposa dzulo. Sabata yatha ndinamva akuuza a Nason kuti anakhala pa mchenga n'kunena Tikuoneni Maria yense asanasolole mpeni.

Pamene mfuti inalira ine ndinali pa mseu, ndikubwerera kuchokera ku boma. Ndinatsikira ku doko. Atabwera naye Valentino, ndinathamanganso kupita ku kiliniki. Sindinathamangepo choncho chibadwire, alongo anga. Mukanakhalapo ndi wotchi yanu mukanakondwa. Galimoto ya pa kiliniki inali itapita ndi masoja ovulala dzulo lake, choncho a dokotala anabwera pa njinga, ine ndikuthamanga patsogolo. Anayang'ana mabala, anandiyang'ana ine, n'kupempha madzi osamba m'manja.

Valentino analankhula pang'ono. Anafunsa ngati atate apezeka. Nditati inde, ali moyo, anati, “Ndiye imagwira ntchito.” Anayesa kuseka. Sindikudziwa ngati ankanena zoona kapena ankandiseka ine. Sindinamufunse.

Pali china chimene muyenera kudziwa. M'mawa umenewo, poyamba kuthamanga, ndinadzera pa doko iwo asananyamuke. Ndinapeza atate atavula vesiti, ataitambasula m'manja. Anati, “Mkamwini, iwe umakhala kutsogolo, ndiwe woyamba kuonedwa. Ine ndakalamba, iwe uli ndi ukwati mu Disembala. Vala.” Sikanali koyamba kumupatsa. Koma ine ndinali nditamulumbiritsa kale kuti asadzavale chinthu chimenecho pa madzi. Anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu. Anaseka n'kunena kuti, “Apongozi, mapewa anga ndi aakulu, indithina. Valani inu.” Atate anavalanso, ndipo Valentino ndiye anawamangira malamba.

Atate sanatchulepo zimenezi kwa ine kapena kwa munthu wina aliyense. Amandiyang'ana, ine ndimawayang'ana, timadya.

Ndikudziwa kuti sindinalakwe. Mpeni unali m'chiuno mwa atate, Valentino analibe. Akanavala, bwenzi ali pansi pomwepo mpaka lero, amayi ake opanda ngakhale manda oti aziwasesa. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse pa mseu. Ndimathamangabe, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene anthu sandiimika kuti andipepese.

Musatumize mavesiti. Mukatumiza, azibambo a pano adzapita ku chisumbu mmodzimmodzi, ndipo si onse amayenda ndi mpeni. Mukapanda kutumiza adzati Eston ndi womana, anapulumutsa atate ake okha. Vomerani kukhala womana. Mukadzabwera sadzakunyamulani, koma muli ndi miyendo.

Dzulo kunabwera a Josefina, atamva kuti ndikulemba kalata ya ku Jeremani. Anakhala pa mphasa. Kenako anati ndikupatseni moni, ndipo ndikuuzeni kuti alibe nanu chifukwa, munachita zabwino kukumbukira kwanu. Ali ndi funso limodzi lokha, ndipo anati ndilembe monga momwe anenera, osasintha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere za msomali ndi za mtovu, koma nditaona nkhope yawo ndinangotenga cholembera. Funso lake ndi ili:

“Mwana wanga Eston, iwe unakulira pa doko, ukudziwa kuti m'bwato mumakhala anthu awiri. Unatumiziranji imodzi?”

Ndalemba. Yankho mutumize kwa iwo, osati kwa ine.

Mlongo wanu,
Luciana